Mlandu Wopanda Bwalo: Mbiri ya Anthu Amene Adatsutsa Mndandanda wa United Nations

Pa 17 Okutobala 2001, komiti ina ya bungwe la United Nations idawonjezera dzina la Yassin Abdullah Kadi pa mndandanda wa anthu oganiziridwa kuti amathandiza gulu la Al-Qaida ndi ndalama. A Kadi adali munthu wa bizinesi wa mumzinda wa Jeddah ku Saudi Arabia. Patangopita masiku awiri, bungwe la European Union lidalowetsa dzinalo m'malamulo ake, ndipo chuma chawo chonse cha m'mayiko a bungwelo chidamangidwa. Wapolisi sadagogode pakhomo pawo, samani sidabwere, ndipo palibe amene adawaitana kuti adzayankhe. Dzina lawo m'Chiarabu, Al-Qadi, limatanthauza woweruza, komabe padadutsa zaka pafupifupi 7 asadapeze woweruza wovomera kuti munthuyu ayenera kumvedwa.

Mndandandawu udabadwa ndi cholinga chabwino. M'chaka cha 1990, Iraq italanda dziko la Kuwait, Khonsolo ya Chitetezo ya United Nations idatseka malonda onse a Iraq ndi mayiko akunja. Saddam Hussein sadagone ndi njala. Amene adavutika ndi ana m'zipatala zopanda mankhwala ndi makolo awo, mpaka Denis Halliday, amene ankayang'anira ntchito za thandizo za United Nations m'dzikomo, adatula pansi udindo m'chaka cha 1998 posonyeza kusakondwa. Kuchokera apo maganizo adakula oti chilango chizilunjika kwa wolakwayo mwini, osati mtundu wonse. Mwayi woyesa njira yatsopanoyi udadza mabomba ataphulika pa maofesi a akazembe a America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam pa 7 Ogasiti 1998, pamene anthu oposa 200 adafa, ambiri mwa iwo Akenya ndi Atanzania. Pa 15 Okutobala 1999 Khonsolo idapereka chigamulo cha nambala 1267, cholamula a Taliban a ku Afghanistan kupereka Osama bin Laden ndi kumanga chuma chawo. Chigamulo cha 1333 cha mu Disembala 2000 chidawonjezerapo bin Laden mwini ndi omutsatira. Zitachitika za pa 11 Sepitembala 2001 ku America, mayina adathiridwa pa mndandandawo mothamanga, ndipo chigamulo cha 1390 cha mu Januwale 2002 chidapangitsa zilangozo kukhala zopanda tsiku lothera.

Kayendetsedwe kake kadali kotere. Dziko limabweretsa dzina ku komiti ya mayiko 15 a mu Khonsolo, ndipo ngati palibe lotsutsa, dzinalo lalowa. Kuti lituluke pankafunika onse 15 avomere. Dziko limodzi likangokana, basi. Mwini dzinalo adalibe khomo lolowera. Ankayenera kuchonderera boma la dziko lake kuti limulankhulire, ndipo boma likakana, nkhani yathera pomwepo. Mayiko onse a mu United Nations adali okakamizidwa kumvera, chifukwa gawo 25 la chikalata chokhazikitsa bungweli limati zigamulo za Khonsolo ziyenera kutsatidwa, ndipo gawo 103 limati udindo umenewu umaposa mapangano ena onse a pakati pa mayiko.

Pa pepala izi sizinkatchedwa chilango. Ankati ndi njira yodzitetezera chabe. Koma m'nyumba ya munthu wolembedwa zinkaoneka mosiyana. Akaunti ya kubanki yatsekedwa, malipiro sangalandire, malire a dziko sangadutse, ndipo aliyense womupatsa ndalama kapena katundu akupalamula mlandu, ngakhale atakhala mbale wake. Mpaka Disembala 2002, pamene chigamulo cha 1452 chidatuluka, malamulo a komiti ya Al-Qaida adalibe njira yomveka yolola munthu wotere kupeza ndalama za chakudya, lendi ndi mankhwala. Ku Britain akazi a amuna olembedwa ankalandira thandizo la boma pokhapokha atapatsidwa chilolezo, ndipo ankayenera kutumiza malisiti a zogula zapakhomo ku unduna wa zachuma, kufikira bwalo la European Union lidathetsa mchitidwewu mu Epulo 2010.

Oyamba kumva ululu adali Asomali. Boma la Somalia litagwa m'chaka cha 1991, mabanki adagwa nalo, ndipo mabanja ankadalira ndalama zotumizidwa ndi abale akunja kudzera m'makampani a hawala. Yaikulu mwa makampaniwo idali Al Barakaat. Banja lililonse la kunyanja kuno limene limayembekezera mwana wa ku Joni kuti atumize kangachepe pakutha pa mwezi likhoza kumvetsa chimene chidachitika mu Novembala 2001, pamene America, kenako United Nations, idatseka kampaniyi. Ku Sweden, nzika zitatu zobadwira ku Somalia, Abdirisak Aden, Abdulaziz Ali ndi Ahmed Yusuf, zimene zinkayendetsa nthambi ya Al Barakaat kumeneko, zidadzuka zili pa mndandanda. Boma la Sweden lidapempha umboni ndipo silidakhutire ndi zimene lidaonetsedwa. Lidapempha komiti kuti ichotse mayinawo, koma America ndi mayiko ena adakana. Anthu wamba a ku Sweden adasonkherana ndalama poyera n'kupatsa amuna atatuwo, akudziwa kuti lamulo likuletsa. Awiri adachotsedwa mu Ogasiti 2002; a Yusuf adadikira mpaka 2006. M'chaka cha 2004, akatswiri a komiti ya ku America yofufuza za pa 11 Sepitembala adalemba kuti ofufuza, atasanthula mabuku a kampaniyi, sadapeze umboni woti inkapereka ndalama ku Al-Qaida. Nthawi imeneyo n'kuti kampaniyo itafa kale.

A Kadi ndi Asomali a ku Sweden adakasuma ku bwalo la European Union mumzinda wa Luxembourg mu Disembala 2001. Sakadatha kusumira United Nations, poti bungweli silizengedwa mlandu m'makhoti a mayiko. Adasumira lamulo la European Union limene linkagwiritsa ntchito mndandandawo. Chigamulo choyamba chidatuluka pa 21 Sepitembala 2005, ndipo adagonja. Oweruza adati manja awo ngomangika: Khonsolo ya Chitetezo ikalamula, Ulaya ayenera kumvera, ndipo bwalo lingalowererepo pokhapokha Khonsoloyo itaphwanya malamulo ochepa aakulu kwambiri amene dziko lililonse silingawaphwanye. Kusamvedwa kwa a Kadi, iwo adati, sikudafike pamenepo.

Pa apilo zinthu zidatembenuka. Mu Januwale 2008, mlangizi wamkulu wa bwalolo, Miguel Poiares Maduro wa ku Portugal, adalangiza oweruza kuti kutchula uchigawenga sikuyenera kutseka pakamwa pa bwalo, makamaka pamene palibe bwalo lina limene wodandaula angapiteko. Pa 3 Sepitembala 2008 bwalo lalikulu lidagwirizana naye. Oweruza adasankha mawu mosamala. Adati iwo sakuweruza chigamulo cha United Nations, pakuti alibe mphamvu yotero. Akuweruza lamulo la European Union, ndipo lamulo lililonse la bungweli liyenera kulemekeza ufulu wa munthu, kaya lachokera kuti. Adapeza kuti a Kadi sadauzidwe zifukwa, sadapatsidwe mpata woyankha, choncho ngakhale bwalo silikadatha kuona ngati chilangocho chidali choyenera, ndipo chuma chawo chidamangidwa mopanda chilungamo. Lamulolo lidafafanizidwa pa dzina lawo ndi la nthambi ya Al Barakaat ya ku Sweden.

Aliyense amene adaphunzira za qadha m'mabuku a fiqh adzaona kuti mfundoyi si yachilendo. Woweruza sagamula asadamve mbali zonse ziwiri, ndipo udindo wobweretsa umboni uli pa woneneza, osati pa wonenezedwa. Bwalo la mfumu pamudzi limadziwanso zomwezo. Chodabwitsa n'chakuti padafunika oweruza apamwamba a ku Ulaya ndi zaka 7 kuti mfundo yodziwika ndi nyakwawa aliyense inenedwe kwa mayiko amphamvu.

Komatu chigamulocho sichidatsegule akaunti ya a Kadi. Bwalo lidapereka miyezi itatu kuti cholakwikacho chikonzedwe. Akuluakulu a European Commission adatumizira a Kadi chidule cha zifukwa chochokera ku komiti ya United Nations, a Kadi adayankha, ndipo pa 28 Novembala 2008 dzina lawo lidalembedwanso. Apa m'pamene, patapita zaka 7, adaona pa pepala zimene komiti ya United Nations ikuwaneneza. Nkhani yaikulu idali ya bungwe lachifundo la Muwafaq limene adalikhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, limene linkagwira ntchito ku Bosnia ndi kwina, ndipo ankati linkathandiza zigawenga. Padalinso za munthu amene adamulemba ntchito yoyang'anira bungwelo ku Ulaya, za banki ina ya ku Bosnia imene adali ndi masheya, ndi za makampani awo a ku Albania. A Kadi adakana zonse, napempha umboni. Umboni sudabwere, ndipo adabwerera ku Luxembourg.

Pamene mlanduwu unkayenda, makhoti ena adayamba kulankhula. Youssef Nada, mkulu wa banki ya Al Taqwa wobadwira ku Egypt m'chaka cha 1931, amenenso sankabisa kuti ndi wa gulu la Muslim Brotherhood, adalembedwa mu Novembala 2001. Ankakhala ku Campione d'Italia, kamudzi ka dziko la Italy ka m'mbali mwa nyanja ya Lugano, kosakwana makilomita awiri m'bwalo lake lonse, kozunguliridwa ndi Switzerland mbali zonse. Popeza Switzerland idamuletsa kulowa kapena kudutsa, nkhalambayi idakhala ngati mkaidi m'kamudziko kwa zaka pafupifupi 6, kutali ndi abale ndi madokotala. Ofufuza a boma la Switzerland adatseka kafukufuku wawo m'chaka cha 2005 osapeza mlandu, koma bwalo lalikulu la dzikolo lidati mu 2007 silingachite kanthu pa lamulo la United Nations. Dzina lake lidachotsedwa mu Sepitembala 2009, ndipo pa 12 Sepitembala 2012 bwalo la ufulu wa anthu la ku Ulaya, la ku Strasbourg, lidagamula kuti Switzerland idamuphwanyira ufulu wa moyo wa pabanja ndi ufulu wokhala ndi kodandaulira.

Nkhani ya Abousfian Abdelrazik njomvetsa chisoni koposa. Iye adali nzika ya Canada yobadwira ku Sudan. Adapita ku Khartoum m'chaka cha 2003 kukaona mayi ake odwala, namangidwa kumeneko popanda kuzengedwa mlandu. Mu Julayi 2006 adalembedwa pa mndandanda. Apolisi ndi azaukazitape a ku Canada adanena m'chaka cha 2007 kuti alibe umboni wa mlandu pa iye, komabe boma lidakana kumupatsa chiphaso chobwerera kwawo. Kuyambira Epulo 2008 adagona mu ofesi ya kazembe wa Canada ku Khartoum kwa miyezi 14. Monga zidachitikira ku Sweden, anthu wamba oposa 100 adasonkha ndalama ya tikiti ya ndege ngakhale ankadziwa kuti akhoza kuimbidwa mlandu. Pa 4 Juni 2009 woweruza Russel Zinn adalamula boma kuti limubweretse, nadzudzula kachitidwe ka komiti ya 1267 kuti woneneza ndi yemweyonso woweruza. Abdelrazik adafika kwawo mwezi womwewo, koma chuma chake chidakhalabe chomangidwa kufikira pamene dzina lake lidachotsedwa pa 30 Novembala 2011.

Ku Britain, bwalo lalikulu lidagamula pa 27 Januwale 2010 kuti unduna wa zachuma udapyola mphamvu zake pomanga chuma cha anthu popanda chilolezo chomveka cha nyumba ya malamulo. Aphungu adayankha m'masiku ochepa chabe ndi lamulo latsopano losunga zilangozo.

Maboma nawonso adali ndi mfundo zawo, ndipo si zopepuka. Ndalama imasamuka m'kuphethira kwa diso. Wochenjezedwa lero, mawa akaunti ili mbee. Pa ichi ngakhale bwalo la ku Luxembourg lidavomereza kuti munthu sayenera kuuzidwa chuma chisadamangidwe, koma pambuyo pake. Adatinso umboni wambiri umachokera kwa azondi, ndipo kuuonetsa m'khoti ndi kupereka miyoyo ya anthu m'manja mwa zigawenga. Adaopanso kuti khoti la dziko lililonse likayamba kudzisankhira mayina, mndandanda wa dziko lonse lapansi udzang'ambika. Ndipo tisadzinamize: ambiri mwa olembedwawo adalidi anthu okhetsa mwazi, amene Asilamu anzawo ndiwo adavutika nawo koposa. Kwa ine, vuto silili pa kukhalapo kwa mndandanda. Lili pa njira yopanda chipata chotulukira, imene singathe kusiyanitsa wakupha ndi munthu amene dzina lake lidatchulidwa molakwika m'lipoti la mzondi.

Khonsolo ya Chitetezo idasintha, ngakhale pang'onopang'ono ndi monyinyirika. Mu Disembala 2006 idatsegula ofesi yolandira madandaulo a olembedwa, koma ntchito yake idali yongopereka makalata kwa mayiko. Kusintha kwenikweni kudadza pambuyo pa chigamulo cha a Kadi. Pa 17 Disembala 2009, chigamulo cha 1904 chidakhazikitsa udindo wa Ombudsperson, munthu woima payekha amene amalandira dandaulo, kusonkhanitsa nkhani kuchokera ku mayiko, kukumana ndi wodandaula ndi kulemba lipoti. Woyamba adali Kimberly Prost wa ku Canada, amene kale adali woweruza ku bwalo lozenga milandu ya nkhondo ya ku Yugoslavia. Mu Juni 2011, chigamulo cha 1989 chidatembenuza lamulo lija: Ombudsperson akalangiza kuti dzina lichotsedwe, limachoka pakatha masiku 60, pokhapokha mayiko onse 15 atagwirizana kulisunga, kapena dziko lina litatengera nkhaniyo ku Khonsolo yonse. Kale dziko limodzi linkakwanira kutsekereza munthu. Tsopano kumutsekereza kudafuna onse. A Kadi adadutsa njira imeneyi, ndipo pa 5 Okutobala 2012 United Nations idachotsa dzina lawo.

Mlandu suwola. Ngakhale dzina lidachoka, nkhani ya ku Luxembourg idapitirira. Bwalo laling'ono lidali litagamula kale pa 30 Sepitembala 2010 kuti chidule cha zifukwa chopanda umboni ndi mwambo chabe wa kumva munthu, osati kumumva kwenikweni. European Commission, Khonsolo ya European Union ndi Britain adachita apilo, mothandizidwa ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya. Pa 18 Julayi 2013 bwalo lalikulu lidakana apiloyo. Lidati wonenezedwa akatsutsa, ndi udindo wa olamula kuonetsa kuti chifukwa chimodzi mwa zoperekedwazo chili ndi maziko olimba. Sikuli kwa wonenezedwayo kutsimikiza kuti sadachite. Ngati pali zachinsinsi, ziperekedwe kwa oweruza, ndipo iwo ndiwo aone zoyenera kubisa. Lidaunika zifukwa zonenezera a Kadi chimodzichimodzi, lidataya china chifukwa chosalunjika, ndipo pa zotsalazo lidapeza kuti palibe umboni umene udaperekedwa.

Tizindikire chimene bwalolo silidanene. Silidalengeze kuti a Kadi ndi oyera. Lidati owaneneza adalephera kuonetsa umboni. Ku America komwe adasumanso, bwalo la ku Washington lidawakanira mu Malichi 2012 litaona zikalata zachinsinsi zimene iwo eni sadaloledwe kuziona. Tizindikirenso kuti a Kadi adali munthu wachuma, wokhala ndi maloya odziwa ntchito amene adatha kuyenda nawo mlandu zaka 12. Mwini kasitolo wa ku Mogadishu amene ndalama zake zidamira ndi Al Barakaat sadaone khomo la bwalo lililonse. Ndiponso ofesi ya Ombudsperson imaona za mndandanda wa Al-Qaida ndi ISIL wokha. Olembedwa ndi makomiti ena, monga a za Congo, South Sudan ndi Central African Republic, amene ambiri mwa iwo ndi a mu Africa, sangathe kudandaula kwa Ombudsperson.

Malawi nayenso ali m'gulu la United Nations, choncho mndandandawu umagwira ntchito kuno. Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 ndi bungwe la Financial Intelligence Authority ndizo zimayang'anira kayendedwe ka ndalama zokayikitsa, ndipo mabanki amayerekeza mayina a makasitomala ndi mindandanda yotere. N'chifukwa chake thandizo lochokera kunja lomangira mzikiti kapena chitsime limafunsidwa mapepala ambiri, ndipo atsogoleri a mabungwe achifundo amachita bwino kusunga mabuku a ndalama molongosoka ndi kudziwa bwino amene akupereka. Akuluakulu akukumbukanso za mu Juni 2003, pamene Asilamu asanu ochokera kunja adagwidwa ku Blantyre powaganizira za Al-Qaida, natulutsidwa m'dziko ngakhale khoti lalikulu lidaletsa, ndipo mkwiyo udabuka mpaka ku Mangochi. Anthuwo adamasulidwa ku Sudan patapita masabata angapo osazengedwa mlandu. Imeneyo sidali nkhani ya zilango za chuma, koma idali ya nyengo yomweyo, pamene kuganiziridwa kunkakwanira.

Dzina la a Kadi lidakhalabe pa mndandanda wa boma la America kufikira Novembala 2014, patatha zaka 13 chilembedwere. Khonsolo ya Chitetezo ilibe thumba la chipukuta misozi kwa amene yawachotsa, ndipo silengeza kuti idalakwitsa. Imangotulutsa chikalata chachifupi chonena kuti, kuyambira tsiku lakutilakuti, zilango sizikugwiranso ntchito pa dzina ili.